Babu m'bokosi la machesi

Ana anga, gawo ili ndakhala ndikulizemba. Zina zonse za ntchito yanga ndinazilemba mosavuta, koma ndikafika pano ndimapeza chochita china: kukamangirira mbuzi pena, kupopa njinga ya mnansi, kukonza chitseko chimene chilibe vuto. Dzulo mayi anu anandilanda sipanala n'kundiikira kope patebulo. Ndiye ndilemba, ndipo ndiyambira kumene manja anga anaphunzirira ntchito, kuti mudziwe kuti amene anachita zimenezi sanali munthu wosadziwa chabwino.

Limbe ndi Mulanje, zaka makumi awiri zoyamba

Ntchito yanga yoyamba inali pa galaja ina ku Limbe, kumene ndinafika ndi pepala la umakaniko ndi malaya awiri. Mwini wake anali a Saidi, munthu wamfupi wosakonda zolankhula. Ankamvetsera injini atagunditsa sikuludiraiva pachitsulo, chogwirira chili kukhutu, ndipo akadzuka pamenepo ankangotchula chimene chatha. Tikamasula n'kupeza kuti n'zoona, iwo anali atapita kale ku galimoto ina. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnzanga a Bwanali, amene tinayamba ntchito mwezi umodzi. Masiku amenewo galimoto zonse zobwera kwa ife zinali za magiya apamanja. Giyabokosi tinkaitsitsa, kuyala zam'kati mwake pa chiguduli, ndipo dzino lothyoka tinkaliona ndi maso. Ndinazolowera kuti matenda a galimoto ndi chinthu chogwirika.

A Bwanali anatsala ku Limbe moyo wawo wonse. Ine sindinali munthu wokhazikika. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi ndinapita ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, kumene ndinasamalira mathirakitala ndi malole. Kumeneko ndinaphunzira kukonza popanda sipeya. Gasiketi, zotsekera mpata pakati pa zitsulo za injini, tinkadula pa katoni, mapaipi tinkamanga ndi mphira wa chubu, ndipo lole imodzi inayenda nyengo yonse ya mvula ndi sipuling'i imene ndinaichotsa pa ngolo yakufa. Mabwana ankasintha, koma onse ankafuna chinthu chimodzi, kuti galimoto ituluke pageti m'mawa. Bambo anga atamwalira, minda ya kwathu m'munsi mwa phiri la Michesi inasowa woiyang'anira pafupi, ndipo ndinayamba kufunsira ntchito ku Phalombe.

Phalombe, pa bungwe la alimi

Ndinalembedwa pa bungwe lina la alimi pa boma, limene linkagawa mbewu ku makalabu ndi kugula nandolo. Dzina lake sindilemba. Tinali ndi lole imodzi, mapikapu awiri otopa ndi njinga zamoto zingapo, ndipo makaniko ndinali ndekha. Ndinagwira pansi pa mabwana atatu. Womaliza anali a Kamwendo, munthu waukhondo, wolankhula motsitsa, amene sanandikalipirepo pagulu ngakhale kamodzi. Ndikunena zimenezi kuti musawaone ngati chilombo. Mayi anu atadwala, iwo ndi amene anapereka galimoto.

Pabwalo pathu panalinso galimoto imodzi yakale yoyera, ya otomatiki, yosintha magiya yokha. Anaisiya mlangizi wina wakunja atamaliza ntchito yake, ndipo a Kamwendo ndi amene ankayendera. Ine ndinkaisintha oilo, mabuleki ndi matayala, koma giyabokosi yake sindinaitsegulepo. Ndinkaiopa, ngakhale sindinauze munthu.

Chaka chimene ndikunenachi chinali cha kusowa kwa mafuta. Galimoto zinkagona pamzere pa malo omwetsera, ndipo dilamu yathu a Kamwendo ankasunga okha kiyi wake. M'chaka chomwecho anthu otithandiza akunja anatumiza pikapu yatsopano, yoti aziyendera mlangizi wa kumidzi. Mlangiziyo anali atangolembedwa kumene, Mayi Sumani, mwana wa wamalonda wina wachisilamu wa ku Chiringa, mayi wa zaka ngati makumi atatu, wodziwa ntchito yake. Anali mkazi woyamba kupatsidwa galimoto pa bungwe lathu, ndipo madalaivala ankanong'ona kuti sipatha mwezi asanaigwetsere mu ngalande. A Kamwendo anagamula kuti pikapu yatsopano ndi yolemera kwa munthu wongoyamba, choncho iwo atenga pikapuyo, Mayi Sumani apatsidwe ya otomatiki. Palibe anatsutsa.

Lolemba

Kunali kumapeto kwa Okutobala, kukutentha, mitambo itayamba kusonkhana pa phiri masana. M'mawa a Kamwendo analowa pageti injini ikulira mokweza, koma galimoto ikuyenda ngati yakoka ngolo ya njerwa. Anandikodola n'kundilozera kanyale kachikasu pa dashibodi, kamene kankangophethira. Anati kanayamba Loweruka, ndipo nthawi zina akazimitsa injini n'kulizanso kamasowa.

Ndinachita zimene ndinkadziwa. Injini ili chilirire, ndinasolola kachitsulo koyezera oilo wa giyabokosi n'kupukutira pa pepala loyera. Oiloyo anali wokwanira, wofiira bwino, wosanunkha kupserera. Ndinalowa kunsi, sindinapeze podontha. Kenako ndinaitulutsa pamsewu. Pa tala inkasintha magiya bwinobwino, koma nditangokhotera mu msewu wafumbi n'kugunda mabampu, kanyale kaja kanayambanso, galimoto n'kulemera. Ndikaima n'kufuna kunyamuka, inkachita ngati munthu akunyamukira mu giya yachitatu. Ndinabwerera ku ofesi n'kuwauza bwana zoona, kuti vuto lilipo, lili m'giyabokosi kapena m'mawaya ake, koma ine sindikulidziwa, ndipo galimotoyo ikufunika ipite ku Limbe kwa anthu okhala ndi makina oyezera.

A Kamwendo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati mafuta opitira ku Limbe palibe, ndipo Lachitatu kukubwera alendo a bungwe lotithandiza lija kudzaona ngati mlangizi ali ndi galimoto yoyenda. Sanawonjezere kuti galimoto yakaleyo ikapezeka yodwala, pikapu yatsopano iyenera kuchoka m'manja mwawo. Tonse tinkadziwa.

"A Mulepa, galimotoyi ikuyenda kapena sikuyenda?"

"Ikuyenda, bwana, koma..."

"Ndiye chimene chikusokoneza ndi nyale. Chotsani babu. Alendo akapita, mafuta akapezeka, tidzaitumiza ku Limbe." Anatsegula failo ina ngati nkhani yatha, kenako anawonjezera osandiyang'ana: "Mwatsala ndi zaka ziwiri kuti mupume. Musadzivute."

Ndinatuluka. Ndikanakonda kulemba kuti ndinalimbana ndi mtima wanga tsiku lonse, koma si mmene zinalili. Ndinalowetsa galimoto m'galaja, ndinatseka chitseko chimodzi, ndinamasula zomangira zinayi za dashibodi, ndinapotokola kababu kaja n'kukatulutsa. Kanali kakang'ono ngati njere ya nandolo. Ndinakaika m'bokosi la machesi, bokosilo m'thumba la ovolosi. M'buku la galimoto ndinalemba kuti yaonedwa, ili bwino, ndipo ndinasaina.

Lachitatu

Alendo anabwera, anajambula zithunzi, anamwa tiyi. Kiyi anaperekedwa kwa Mayi Sumani anthu akuwomba m'manja. Onse atabalalika, iwo anabwera ku galaja kudzandithokoza kuti ndawakonzera galimoto. Anandipempha ndiwasonyeze pothira madzi ndi poyezera oilo, ndipo zonse ankalemba m'kabuku. Pomaliza anandifunsa ngati pali china chimene ayenera kudziwa. Ndinawauza kuti angoyendetsa mofatsa. Ndikulankhula choncho, dzanja langa linali m'thumba, litagwira bokosi lija.

Mawa lake m'mawa ananyamuka ndi matumba a mbewu odzaza kumbuyo, kupita ku makalabu a ku Chiringa. Mbewuyo inafunika ifike mvula isanagwe. Anati azigona kwa makolo awo mpaka Loweruka.

Lachinayi

Tsiku limenelo sindinagwire ntchito yooneka. Ndinasesa galaja kawiri. Ndinamasula tayala la lole limene ndinali nditalimanga dzulo lake, n'kulimanganso. Injini iliyonse yolira pamsewu inkanditulutsa panja. Ndinakangana ndi mlonda chifukwa cha ndowa, munthu amene tinakhala naye zaka zambiri osayambana. Bokosi la machesi ndinaliika m'dirowa, patapita kanthawi ndinalibwezera m'thumba, kenako ndinaganiza zoliponya m'chimbudzi, ndinafika mpaka pakhomo pake n'kubwerera. Ndinkadziuza kuti galimotoyo yayenda ndi vutoli kuyambira Loweruka ndipo palibe chachitika. Ndinkadziuzanso kuti a Kamwendo ankayenda okha pa tala, pamene mayiyu wasenza mbewu m'misewu ya kumidzi.

Masana ndinaimbira foni a Bwanali ku Limbe. Tinali titatha zaka osalankhulana, ndipo anayamba ndi kundiseka kuti alimi andiiwalitsa anzanga. Nditawafotokozera za galimotoyo, anati zakale zoterozo sizifuna makina, zimanena zokha matenda ake. Anandiuza kuti pansi pa boneti, pafupi ndi batire, pali kabokosi kakuda kokhala ndi timabowo. Ndilumikize timabowo tiwiri ndi kawaya, anatchula zilembo zake, kenako nditembenuze kiyi osaliza injini. Nyale ija idzaphethira mowerengeka, kupuma, n'kuphethiranso, ndipo manambala awiriwo ndiwo dzina la vuto. Ndikawerenga ndiwaimbirenso.

"Nyaleyo ikuyaka, eti?" anafunsa.

"Ikuyaka," ndinatero.

Asanadule anandichenjeza. Anati giyabokosi yotere ikaona vuto imakanirira mu giya imodzi kuti munthu angofika nayo pa galaja. Koma wina akaikakamiza ndi katundu pa zitunda, oilo amawira, zam'kati zimapsa, ndipo imatha kusiya kukoka pamalo alionse, ngakhale pakati pa mtsinje.

Nditaweruka sindinalunjike kunyumba. Ndinazungulira pamsika, ndinaima pa siteji kuyang'ana maminibasi ochokera ku Chiringa ngati wina atsikamo ndi uthenga. Kunyumba mayi anu anaona kuti ndikungotuluka n'kulowa, ndipo ananditengera kuseri kwa khitchini kumene ankasenda chinangwa. Ndinawauza zonse, m'Chilomwe, chifukwa zinthu zochititsa manyazi sindinazolowere kuzinena m'Chichewa. Sanandikalipire. Anandikumbutsa kuti ana atatu ali pasukulu ndipo nyumba tikukhalayo ndi ya bungwe. Kenako anafunsa kuti galimotoyo ikafa m'manja mwa mayiyo, anthu adzati waipha ndani. Ndinati adzati ndi iyeyo. Anapitiriza kusenda chinangwa.

Lachisanu

M'mawa ndinapempha njinga yamoto kwa a Kamwendo, ndinati ndikufuna ndikaone mmene galimoto ija ikuyendera. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mafuta palibe, komanso lole ikundidikira. Ndinabwerera ku galaja, ndinaika m'chikwama masipanala ochepa, pulayala, tepi, kawaya ndi botolo limodzi la oilo wofiira limene linatsala pa shelefu. Ndinauza mlonda kuti bwana akandifuna anene kuti ndapita ku Chiringa. Aka kanali koyamba m'zaka zonse za ntchito yanga kuchoka popanda chilolezo.

Minibasi inatenga nthawi kuti idzaze, poti masiku amenewo zinkayenda zochepa. Ndinakhala, ndinatsika, ndinakweranso. Kondakitala anandifunsa ngati ndili ndi matenda kunyumba. Titafika pa Chiringa ndinapita ku sitolo ya bambo awo a Mayi Sumani. Mkuluyo anandilandira bwino, anati mwana wawo wanyamuka m'mamawa kupita ku kalabu ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo dzulo anabwera mochedwa, ali wokhumudwa, osafuna kudya. Ndinakwera kabaza. Mitambo inali itada kale pa Michesi, ndipo njira yonse ndinkamuuza mwini njingayo kuti apalase, mpaka anandiyankha kuti ngati ndikufulumira chotero ndipalase ndine.

Galimoto tinaipeza isanafike pamtsinje, m'munsi mwa chitunda, itaima pansi pa mtengo wa mango. Amayi a kalabu anali akutsitsa matumba a mbewu n'kumasenza pamutu. Ndisanafike n'komwe ndinamva fungo, lija la chinthu chopserera. Mayi Sumani atandiona anabwera mofulumira, nsapato zili fumbi lokhalokha, ndipo ndisanatsegule pakamwa anayamba iwo.

"Bambo Mulepa, pepani. Ndikuganiza kuti ndaiwononga galimoto yanu."

Anafotokoza kuti kuyambira dzulo ikumalemera, pa chitunda ikungolira osakwera, ndipo lero yabwerera m'mbuyo mpaka anaponda buleki ndi miyendo yonse iwiri, m'galimoto muli amayi atatu ndi khanda. Anati anayang'ana pa dashibodi monga anawaphunzitsira ku sukulu yoyendetsa, sanaone nyale iliyonse, ndiye anadziwa kuti vuto ndi iwowo, mwina pali chimene akulakwitsa ndi phazi. Sanaimbe foni ku ofesi chifukwa ankadziwa zimene madalaivala anene. Anandipempha kuti ngati n'kotheka ndiikonze mwakachetechete, ndipo ndiwaphunzitse pamene akulakwitsa.

Ana anga, apa ndi pamene panali povuta, osati Lolemba. Njira inali yotseguka. Ndikanawauza kuti apite ndi amayiwo akagawe mbewu, ine n'kubwezera babu ndili ndekha, kupeza vuto, kulikonza, ndipo iwo akanandithokoza moyo wawo wonse. A Kamwendo akanakondwa. Palibe akanadziwa kupatula mayi anu. Ndinafika potsegula pakamwa kuti ndinene zomwezo. Koma mayiyo anali ataima patsogolo panga atagwira kabuku kawo kaja ndi cholembera, kudikira kuti alembe kulakwa kwawo.

Ndinatulutsa bokosi la machesi, ndinalitsegula n'kuwapatsa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi babu la nyale ya giyabokosi. Inkayaka kuyambira Loweruka. Ndinalichotsa ine Lolemba, musanapatsidwe kiyi. Simunalakwitse chilichonse, mayi."

Anayang'ana kababuko, kenako ine. Anafunsa ngati anandituma ndi bwana. Ndinati anandiuza ndi bwana, koma manja anali anga, ndipo siginecha ya m'buku ndi yanga. Sanakweze mawu. Anangonena kuti Lachitatu anandifunsa, ndipo ine ndinavomera kuti anandifunsadi. Anatembenuka n'kupita kwa amayi aja, anawathandiza kutwika matumba otsala, anawauza kuti atsogole. Ine ndinangoima ndi chikwama changa, osadziwa ngati ndiyambe ntchito kapena ndidikire. Atabwerera anandipatsa bokosi lija n'kunena kuti ndibwezere iwo akuona.

Ndinamasula dashibodi, chomangira chimodzi chinagwera pansi pa mpando ndipo anachitola ndi iwo. Babu litalowa, ndinatsegula boneti, ndinapeza kabokosi kakuda kaja, ndinalumikiza timabowo tiwiri monga ananenera a Bwanali. Ndinawapempha Mayi Sumani kuti akhale pa chiwongolero, atembenuze kiyi osaliza injini, awerenge. Anawerenga mokweza. Kasanu ndi kamodzi, kupuma, kenako kawiri. Inabwereza chimodzimodzi. Foni pamalopo sinkagwira, ndiye ndinakwera chitunda chija wapansi mpaka inagwira. A Bwanali anati nambala imeneyo ikuloza kachipangizo kamagetsi kamene kamatsegula njira ya oilo kuti giya isinthe, koma ndisathamangire kutsegula giyabokosi. Poti vutolo limabwera pa mabampu, ndiyambe ndatsatira waya wake kuchokera pa giyabokosi kukwera m'mwamba.

Ndinayala chiguduli n'kulowa kunsi. Chitsulo chinali chikadali chotentha moti chinandiwotcha pamkono. Ndinatsatira mtolo wa mawaya ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka pamene umakhotera kuseri kwa injini. Pamenepo ndinagwira zinthu zofewa. Nditakoka, zinali zinyenyeswa za chiguduli, makoko a chimanga ndi ndowe za makoswe. Galimotoyo masiku ambiri a Kamwendo ankaigoneka pafupi ndi nyumba yosungiramo mbewu, ndipo makoswe anali atamangamo. Waya mmodzi anali atamutafuna chikopa chake kutalika ngati chala, ndipo galimoto ikadumpha, waya wosavalayo ankagunda chitsulo. Vuto lonse linali limenelo. Ndinadula powonongekapo, ndinalumikiza, ndinakulunga tepi, ndinamangirira mtolowo kutali ndi chitsulo. Sizinanditengere theka la ola. Ndili chigonere kunsiko ndinaganiza kuti ndikanaimba foni ija Lolemba, ntchito yake ikanakhala yomweyi.

Koma oilo sanalinso uja wa Lolemba. Nditapukutira pa pepala la m'kabuku ka Mayi Sumani, anali wofiirira ngati tiyi, akununkha. Ndinawasonyeza, ndinawauza kuti uku ndi kupsa kwa masiku awiri amenewa, ndipo sikukanachitika nyale ikanakhalapo, chifukwa iwo akanaima. Ndinakhetsa amene ndinatha, ndinathira botolo lija. Tinadikira kuti izizire, mvula ikuyamba kudontha. Atailiza, nyale inayaka kamodzi n'kuzima monga iyenera kuchitira. Anayendetsa okha. Galimoto inanyamuka mopepuka, inasintha giya pakati pa chitunda, tinakwera. Pamtsinje madzi anali asanabwere, tinawoloka, ndipo mbewu inagawidwa tsiku lomwelo pansi pa khonde la tchalitchi.

Tinabwerera ku Chiringa. Ataimitsa pa sitolo ya bambo awo anatulutsa buku la galimoto m'kabati ya kutsogolo, anatsegula tsamba la Lolemba n'kundipatsa cholembera. Anati sakufuna kuti ndikagwade kwa aliyense, akungofuna kuti zimene ndawauza pansi pa mango zilembedwe pansi pa siginecha yanga, chifukwa giyabokosiyo ikadzafa chaka chamawa, adzafunsidwa ndi iwo. Ndinapempha kuti ndilembe za makoswe zokha. Anati ayi. Ndinalemba zonse: tsiku limene nyale inayamba, tsiku limene ndinachotsa babu, amene anandiuza, ndi mmene ndinapezera oilo. Ndinasainanso.

Zotsatira zake

Lolemba lotsatira Mayi Sumani anapita ndi bukulo kwa a Kamwendo, ndipo bwanayo atakana kuliwerenga, analitengera kwa wapampando wa komiti ya alimi. Komiti inakumana kawiri. Ine anandiitana kamodzi, ndinabwereza zomwe ndinalemba. A Kamwendo anati sanandiuze kuti ndichotse babu, anangoti ndione chimene chikusokoneza nyale. Panalibe mboni. Komiti inagamula kuti pikapu yatsopano ipite kwa mlangizi monga anafunira amene anaitumiza, bwana abwerere ku galimoto yawo yakale. Iwo anakhalabe pa udindo. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo pa zifukwa ziwiri, kulemba zabodza m'buku ndi kuchoka pantchito popanda chilolezo. Zonse ziwiri zinali zoona, ndipo sindinadandaule.

Patatha mwezi ndinalandira kalata ina, yonditumiza ku depoti yathu ya ku Chiwalo kukayang'anira chigayo. Ntchito ya galaja anapatsa munthu wina. A Kamwendo anandipatsa kalatayo okha, mwaulemu, n'kundifunira zabwino. Zaka ziwiri zomaliza za ntchito yanga ndinazithera kumeneko, kusintha malamba a chigayo ndi kusefa dizilo, munthu amene ndinazolowera galimoto zisanu. Ndinkadzuka m'mawa osadziwa kuti manja ndiwaike pati. Galimoto yoyera ija inayendabe zaka zitatu, ngakhale ndinamva kuti ikatentha inkachedwa kulowa giya yomaliza.

Mayi Sumani ankadutsa ku Chiwalo kawiri pa mwezi. Miyezi yoyamba ankangondipatsa moni ali m'galimoto. Tsiku lina anaima, anati pikapu ikulira mwachilendo kutsogolo, ndiimvere. Ndinapeza kuti ndi lamba wa fani, ndinamukoka. Nditamaliza anatembenuza kiyi n'kuwerenga nyale zonse za pa dashibodi, imodziimodzi, ine nditaima pomwepo. Sanabise kuti akuwerenga. Kuyambira pamenepo ankabwera kwa ine galimoto ikavuta, ndipo ulendo uliwonse ankawerenga. Sitinakambiranenso za tsiku lija. Nditapuma ntchito anatumiza thumba la mbewu ya nandolo, popanda kalata.

Chotsala n'chimodzi, ndipo chikukhudza iwe Esinati. Pamene tinkasamuka unali Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya pafupi ndi boma, ndipo unkakhoza bwino. Ku Chiwalo malo sanapezeke msanga, unakhala pakhomo teremu yathunthu, kenako unabwereza kalasi, anzako n'kukusiya. Tsiku losamuka, lole ya bungwe itadzaza katundu, unandipeza ndikumanga chingwe kumbuyo n'kundifunsa chifukwa chimene tikuchokera pakati pa chaka cha sukulu. Ndinakuyankha kuti andikweza pantchito, ndikukakhala woyang'anira depoti. Mayi ako anandiyang'ana, ine ndinapitiriza kumanga chingwe. Unakwera pamwamba pa matiresi utakumbatira chikwama cha mabuku, ndipo sunafunsenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Sanandikweze, mwana wanga. Chaka chako chija chinapita chifukwa cha zimene ndinachita Lolemba lija m'galaja, chitseko chimodzi chili chotseka. Ukamaliza kuwerenga, ubwere udzandifunsenso, ndidzakuyankhe ndi pakamwa.